Za mng'ono wanu amene wagwidwa m'sitolo

Mayi, mwafunsa ngati mng'ono wanu amene wagwidwa m'sitolo angazengedwe mlandu. Inde, mng'ono wanuyo akhoza kuzengedwa mlandu wa kuba ngakhale chimene akuti anabisa m'chikwama pa sitolo ya ku Kamuzu Road ndi botolo limodzi lokha la mafuta ophikira. Gawo 278 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, limalola chilango chofika zaka zisanu m'ndende, komabe majisitireti amayang'ananso mtengo wa katunduyo ndiponso ngati munthuyo walakwa koyamba.

Kugwidwa sikutanthauza kuti wapezeka kale wolakwa. Ndinagwirapo ntchito m'sitolo ina kuno ku Salima, ndipo ndinaona mlandu wotere ukuthetsedwa chifukwa mlonda amene anaona zonse ndi maso ake sanabwere kudzaperekera umboni. Oimira boma ayenera kutsimikizira khoti popanda chikayiko kuti katunduyo ndi wa sitoloyo, kuti anatengedwa osalipiridwa, komanso kuti wotengayo anali ndi cholinga choti asabweze, choncho pamafunika mboni, botolo lomwelo ndi zithunzi za kamera ngati zilipo.

Apolisi ayenera kumufikitsa kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wokhala chete. Chonde, asanavomere kapena kukana mlandu, kaonaneni ndi loya wa ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu.