Agogo akukana kukamba za ana awo amene anamwalira

FUNSO

Zikomo alangizi. Mwana wanga wa zaka 2 amupeza ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell mwezi wathawu, ankangotupa manja ndi mapazi kulira usiku onse, ndiye adokotala atatiyeza ine ndi bambo ake anati tonse tili nayo jini yake (kachinthu ka m'thupi kotengera kwa makolo komwe kamayambitsa matendawa) ngakhale sitidwala. Chandiwawa nchoti nditawauza mayi anga anangoti zii, kenako ndi pomwe akundiuza kuti agogo anataya ana awiri ali aang'ono, nawonso ankatupa manja, maso achikasu, magazi kumangotha. Ine mpaka kukula osadziwa! Ndikawafunsa agogo amangoti zakale zisiye. Uku apongozi akuti matendawa ndabwera nawo ndine. Komanso mng'ono wanga akwatiwa chaka chino, ndimuuze kapena ndingokhala chete?

Mayi wosweka mtima

YANKHO

Pepani kwambiri mayi. Za apongozizo ndi zachidule. Mwana sadwala sickle cell chifukwa cha kholo limodzi, amayenera alandire jiniyo kwa mayi komanso kwa bambo, ndiye amuna anuwo naonso anaitenga kwa makolo awo. Koma musakawaponyere zimenezi pa mkangano ayi, awafotokozere ndi mwana wawo.

Za agogo ndi pomwe ndikufuna tichedwepo. Zomwe mwafotokozazo zikufanana ndithu ndi sickle cell, koma iwo analibe dzina la matendawo. Dokotala wina wa ku Chicago, James Herrick, analemba za matendawa mu 1910, koma kuyezetsa kunatenga zaka zambirimbiri kuti kufikire anthu wamba. Ndiye taganizani, mzimayi waika ana awiri osadziwa chawapha nchani, mwinanso naye analozedwa chala ngati mmene akukulozerani inumu. Munthu wotero mukamufunsa kuti munabisiranji amamva ngati mukumuzenga mlandu, atseka pakamwa basi.

Pitani kwa agogowo ndi mayi anu, nokha, pasakhale gulu. Musayambe ndi matenda, afunseni za anawo, maina awo anali ndani, anamwalira ali ndi zaka zingati, ankadwala bwanji. Muwauze kuti adokotala akufuna mbiri imeneyi kuti athandize kamdzukulutuvi kawo, akuluakulu amamasuka akaona kuti zomwe akudziwa zili ndi ntchito. Muwauzenso kuti masiku ano kuli katemera ndi mankhwala monga penicillin, folic acid ndi hydroxyurea ndipo ana ambiri akukula mpaka kukhala ndi mabanja awo, chifukwa mwina mumtima mwawo akuona ngati maliro achitatu ali m'njira. Akakana tsiku loyamba musakakamize, mudzabwerenso.

Mng'ono wanu muuzeni, ndipo sabata ino. Poti inu muli nayo jiniyo ndiye kuti mwa makolo anu alipo ali nayo, iyenso akhoza kukhala nayo osadziwa chifukwa wongoinyamula nthawi zambiri sadwala. Akayezetse magazi iye ndi bwenzi lakelo, tesiti yake imatchedwa haemoglobin electrophoresis. Akapezeka nayo onse awiri, pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi 1 pa 4. Apa ambiri amasokoneza, amaganiza kuti akabereka mmodzi wodwala atatu otsatirawo ali bwino, ayi, mimba iliyonse imayambira pomwepo. Izi zikukukhudzaninso inu mukafuna mwana wina. Zoti ukwati upitirire kapena ayi asankha okha, inu mwangowapatsa zomwe inuyo simunapatsidwe.

Chonde musakaponye nkhaniyi pa gulupu ya WhatsApp ya banja, kumeneko imasanduka miseche pasanathe ola. Imbirani azakhali, amalume ndi asuweni mmodzimmodzi. Zomwe agogo akuuzenizo mulembe mu kope, ndani anadwala, ndani wayezetsa, mwana wanuyo akamakula adzafunsa chifukwa chomwe amamwera mankhwala tsiku ndi tsiku ndipo mudzamuyankhe molingana ndi msinkhu wake.