Mwana akufuna social psychology, kodi akathera kuti?

Mayi wina wa ku Chinamwali walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4, akuti akufuna kudzaphunzira social psychology. Kodi si zokagwira ntchito ku chipatala cha amisala zimenezi?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Odwala matenda a maganizo amathandizidwa ndi madokotala, anamwino ndi akatswiri a clinical psychology, ndipo ndi ntchito yolemekezeka. Koma zomwe akufuna mwana wanuyo ndi nthambi ina. Imafufuza m'mene anthu ena amasinthira maganizo ndi zochita zathu, ngakhale anthuwo palibe, tikungoganiza kuti "anena chiyani akamva".

Mu 1951, Solomon Asch ku America ankaika anthu m'chipinda n'kuwaonetsa mizere, kuti anene mzere wofanana kutalika ndi unzake. Yankho linali loonekeratu. Koma onse m'chipindamo, kupatula mmodzi, anali atapangana kale kuti aziyankha zabodza. Mwa anthu anayi aliwonse oyesedwawo, pafupifupi atatu anatsatira gulu kamodzi kapena kuposerapo, maso awo akuona zina. Ndi zomwe timaona pa depoti ya Zomba: kondakitala akupanikiza anthu anayi pa mpando wa atatu, aliyense akung'ung'udza chamumtima, kudikira kuti mnzake ayambe kulankhula. John Darley ndi Bibb Latané anaonetsa mu 1968 kuti anthu akachuluka pa ngozi, aliyense amasiyira mnzake kuthandiza. Tsankho, mphekesera za katemera, mnyamata woyamba kachasu chifukwa cha anzake, zonsezi zili m'maphunziro amenewa.

Sapita kutali. Ku University of Malawi, konkuno ku Chirunga, kuli dipatimenti ya psychology, ndipo social psychology ndi gawo la maphunzirowo. Zofunika polowa aone mu chilengezo cha chaka chake cha NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'sukulu za ukachenjede. Chomwe ndikupempha kwambiri n'chakuti asathawe masamu. Ana ambiri amaganiza kuti psychology ndi kuwerenga maganizo a anthu, akafika amapeza ziwerengero za kafukufuku zikuwadikira.

Pa za ntchito ndinene mosabisa: ntchito yolengezedwa ndi dzina loti social psychologist muno ndi yosowa. Omaliza maphunzirowa amalowa m'mabungwe a zaumoyo ndi chitukuko, m'maofesi oona za antchito, kapena m'kafukufuku ngati wa Centre for Social Research ndi National Statistical Office, omwe onse ali mu Zomba momwemuno. Ena amapitiriza digiri yachiwiri. Akadzalowa, pa tchuthi azikafunsira ntchito yotolera mayankho a kafukufuku m'midzi, chifukwa olemba ntchito amafunsa zimenezo.