Kutchaja batire lachiwiri ndi injini muli paulendo

Bambo wina wa ku Luwinga mu Mzuzu wandilembera kuti anakonza Toyota Hiace yake kuti azigonamo paulendo, ndipo kumbuyo anaikako batire lachiwiri la 100Ah loyendetsa firiji ndi magetsi. Akufunsa ngati angangolilumikiza ndi waya ku batire la injini kuti lizitchajidwa akamayenda.

Bambo, kutheka n'kotheka, koma mabatire awiri olumikizidwa mwachindunji amathera limodzi, moti firiji ikagwira ntchito usiku wonse, m'mawa galimoto ikana kulira. Pakati pake pamafunika chipangizo chowalekanitsa injini ikazima. Chotsika mtengo ndi relay ya VSR, imene imalumikiza mabatire mphamvu ikafika pafupifupi 13.3V, n'kuwalekanitsa ikatsika kufika cha m'ma 12.8V.

Komabe ine ndikadakhala inu ndikadagula chaja ya DC-DC, imene imatenga magetsi ku injini n'kutchajira batire lachiwiri. Alternator (chipangizo chopanga magetsi injini ikamalira) imatulutsa pakati pa 13.8V ndi 14.4V, koma mphamvu ina imatayikira m'waya wautali wopita kumbuyo, choncho batire silidzaza bwinobwino, ndipo batire la asidi lokhalira theka limafa msanga. Chaja ya DC-DC imakweza mphamvuyo kufika pamlingo woyenera, komanso imaika malire a magetsi okokedwa. Ngati batire lanulo ndi la lithium, musayerekeze n'komwe kuika relay yokha, chifukwa limakoka magetsi ambiri ndipo likhoza kutenthetsa alternator mukamakwera pang'onopang'ono mapiri a Chiweta.

Nkhani imene ambiri sayiwerengera ndi ya nthawi. Batire la 100Ah likatsika theka limasowa 50Ah, ndipo chaja ya 20A imafunika maola oposa awiri ndi theka kuti ibwezeretse zimenezo, makamaka poti chakumapeto batire la asidi limalandira magetsi pang'onopang'ono. Kuchoka mu Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, choncho mudzafika kunyanja batire lisanakhute, pamene ulendo wa ku Lilongwe kudzera ku Chikangawa ungalidzaze ndithu. Sola ingathandize mukaima, ngakhale kuti mitambo ya kuno tonse tikuidziwa.

Pomanga, muuze makaniko aike waya wonenepa, wa 16mm² ngati mtunda ndi wautali, ndiponso fyuzi pafupi ndi batire lililonse, chifukwa waya akakhudzana ndi chitsulo cha galimoto, moto umachokera mbali zonse ziwiri.