Malamulo a Aroma: kodi n'kutaya nthawi kuwaphunzira?

Mtsikana wina wa kwathu kuno, yemwe ali chaka choyamba cha maphunziro a zamalamulo ku South Africa, wanditumizira imelo yodandaula. Akuti phunziro la malamulo a Aroma lamuzunguza mutu, Chilatini chachuluka, ndipo sakuona phindu loloweza zinthu za anthu amene anafa kalekale pamene iye akufuna kudzagwira ntchito kumudzi.

Achemwali, kumene muliko malamulo amenewo sanafe. M'chaka cha 2020 khoti la apilo la ku Bloemfontein linagamula mlandu wa bambo wina amene agalu atatu anamuluma mumsewu ku Port Elizabeth mpaka madokotala anamudula mkono. Mwini agaluwo ankadziteteza ponena kuti mageti anali okhoma, ndipo munthu wina wosadziwika ndiye anathyola maloko. Khoti linati alipirebe. Linagwiritsa ntchito actio de pauperie, lamulo loti chiweto chako chikavulaza munthu popanda kuputidwa, iwe mwiniwake ndiwe wolipira ngakhale sunalekerere. Muzu wake uli m'malamulo oyamba olembedwa a mzinda wa Rome, a cha m'ma 450 Yesu asanabadwe.

Anafika bwanji kumeneko? Mfumu ya Aroma Justinian, ya ku Constantinople, inalamula nduna yake Tribonian kusonkhanitsa zolemba za akatswiri akale, ndipo mu 533 munatuluka Digest, mabuku 50. Patapita zaka mazana asanu ndi kuposerapo, aphunzitsi a ku Bologna ku Italy anaifukula n'kuyamba kuiphunzitsa, ophunzira awo n'kuimwaza ku Ulaya konse. Ku Holland akatswiri monga Hugo Grotius ndi Johannes Voet anaisakaniza ndi miyambo ya kwawo, kenako Adatchi anapita nayo ku Cape mu 1652. Angerezi atalanda Cape mu 1806 sanaichotse. Chodabwitsa n'chakuti Holland mwiniwake anasiya malamulowa pasanapite zaka zambiri, koma kuno kummwera kwa Africa anakhazikika, mpaka Zimbabwe inatengera malamulo a ku Cape monga analili pa 10 June 1891.

Tsono vuto lanu ndikuliona pa kaphunziridwe. Mukamaloweza mayina a Chilatini ngati mndandanda wa mankhwala, mutopa pachabe. Akatswiri a Chiroma ankaganiza ndi nkhani zenizeni, ndipo kukoma kwake kuli pamenepo. Tengani iyi ya mu Digest: anthu akusewera mpira, wina waumenya mwamphamvu, wakagunda dzanja la wometa amene anali ndi lumo pakhosi pa kapolo, khosi ladulidwa. Wolipira ndani? Katswiri wina, Mela, anati aliyense amene walakwa pakati pawo. Proculus analoza wometayo, ndipo Ulpian anagwirizana naye ngati anaika mpando wake pamalo pamene anthu amakonda kusewera kapena kudutsa ambiri. Koma anawonjeza kuti palinso nzeru ponena kuti munthu wokakhala pampando wa wometa pamalo oopsa chotero adzidandaule yekha. M'mizere yochepayi muli kulekerera, muli funso la amene anachititsa ngozi, mulinso kudziika dala pachiswe, zomwe mudzakumane nazo pa milandu ya ngozi zapamsewu moyo wanu wonse. Musaiwale, komabe, kuti mlanduwu unali wa chipukuta misozi cha mwini kapolo. Wophedwayo ankawerengedwa ngati katundu, ndipo mphunzitsi wodumpha zimenezi akukubisirani mbali ina ya nkhani.

Za kumsika nazonso n'zosangalatsa. Akuluakulu oyang'anira misika ku Rome ankalamula wogulitsa ziweto kuulula matenda obisika. Akabisa, wogula anali ndi miyezi 6 yobweza chiwetocho n'kulandira ndalama zake, kapena chaka chimodzi chopempha kuti mtengo utsike. Loya wa ku Johannesburg amagwiritsabe ntchito njira ziwirizi pa galimoto yogulidwa ndi injini yowonongeka.

Pa funso lanu lakumudzi, ndisakunamizeni. Malawi, ngati Zambia, anatengera malamulo a ku England, omwe kuno analowa ndi lamulo la atsamunda la 1902. Woweruza wa ku Blantyre simungamugonjetse ndi Voet. Anzathu a ku Tete ndi ku Angónia ndiwo ali pafupi ndi Aroma, chifukwa Mozambique anatengera buku la malamulo la Apwitikizi la 1966, lomwe linamangidwa motsanzira kwambiri la Ajeremani la 1900. Komabe ngakhale Angerezi anabwereka zina, monga mfundo yoti munthu sangapereke kwa mnzake umwini umene iye alibe. Ndiyo imene imapweteka wogula njinga yakuba pamsika.

Choncho ngati mudzagwira ntchito ku South Africa, Zimbabwe, Botswana, Namibia, Lesotho kapena Eswatini, phunziroli ndi chida cha tsiku ndi tsiku. Ngati mukubwerera kuno, tengani kaganizidwe kake, koma konzekerani kukhalanso pansi ndi milandu ya makhoti athu, malamulo a Nyumba ya Malamulo, ndi malamulo a chikhalidwe okhudza malo ndi chuma cha masiye.