Tauni yaing'ono kutali ndi nyanja: musakhulupirire avereji yokha

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti kuntchito akuwasamutsira ku tauni yaing'ono yomwe ili kutali kwambiri ndi nyanja yamchere, chonsecho moyo wawo wonse akhala m'mphepete mwa nyanja. Pa intaneti apeza kuti avereji ya kutentha kumeneko ndi madigiri 17 pachaka, ndiye akufunsa ngati ndi kofunda bwino chaka chonse.

Mayi, nambala imeneyo isakugonekeni tulo. Malo otentha madigiri 30 masana n'kutsika kufika 4 usiku, avereji yake ndi 17. Malo a 19 masana ndi 15 usiku, ndi 17 yomweyonso. Kumene mukupitako kuyenera kufanana ndi koyambako.

Nkhani yagona pa madzi. Kuti madzi atenthe ndi digiri imodzi pamafunika kutentha kochuluka pafupifupi kasanu kuposa kwa dothi louma lolemera chimodzimodzi. N'chifukwa chake masana mchenga umaotcha phazi pomwe madzi apambali pake ali zii. Nyanja imachedwa kutentha, imachedwanso kuzizira, ndipo mphepo yochokera kumeneko imafewetsa nyengo ya okhala pafupi. Kumtunda kulibe zimenezo. Nthaka imapsa msanga, cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana n'kufika pachimake, koma dzuwa likangolowa imataya kutentha konse, makamaka kumwamba kukakhala kopanda mitambo ndipo mpweya uli wouma. Kuzizira kwenikweni kumabwera mbandakucha, osati pakati pa usiku. Mudzatuluka m'nyumba mutavala juzi, pofika masana ili m'manja, madzulo mwaivalanso. Milomo nayo idzayamba kung'aluka masiku oyambirira.

Chitsanzo choopsa ndi Verkhoyansk, katauni ka ku Siberia, m'dziko la Russia, kutali ndi nyanja. Mu 1892 kunazizira mpaka madigiri −67.8, ndipo mu June 2020 kunatentha kufika 38. Kwanuko sikungafike apo, koma gwero lake ndi limodzi.

Chachiwiri chomwe simunandiuze ndi kukwera kwa malowo. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Sutherland ku South Africa ili pamtunda wa mamita oposa 1,400, m'dera louma la Karoo, ndipo m'miyezi ya June ndi July madzi amaundana usiku kawirikawiri, pomwe ku Cape Town, m'mphepete mwa nyanja, zimenezi n'zosowa.

Apa pali kanthu kena kamene anthu ofuna nyumba saganizira. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho usiku wopanda mphepo umatsetsereka m'mapiri n'kukadikha m'chigwa. Nyumba ya kumunsi pafupi ndi mtsinje imadzuka mu nkhungu, udzu utayera ndi chisanu, pamene ya pachitunda, tauni yomweyo, kuli mame chabe. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha ya pachitunda, ngakhale kumeneko mphepo imavutako.

Za mvula zimatengera dziko lake, koma m'madera ambiri akumtunda imagwa nyengo yotentha, ndipo simvumbi wa tsiku lonse ayi. M'mawa kumacha bwinobwino, nthaka ikatentha mitambo imaunjikana, madzulo mabingu, ziphaliwali, mwina ndi matalala omwe, posakhalitsa kwayera. Pakakhala mapiri pakati pa tauniyo ndi nyanja, mvula yambiri imathera mbali inayo, inu n'kutsala ndi fumbi.

Ndiye fufuzani nambala ziwiri za mwezi uliwonse, yapamwamba ya masana ndi yapansi ya usiku. Zodalirika ndi zowerengedwa pa zaka 30, monga 1991 mpaka 2020. Muonenso kuti anayezera kuti, poti matauni ambiri aang'ono alibe siteshoni yoyezera nyengo, ndipo zomwe foni imaonetsa zikhoza kukhala za malo ena otsika kapena okwera kuposa kwanuko.