Bambo akuti udokotala, iwe ukuti mankhwala a khansa

"Ndili m'chaka chachiwiri cha digiri ya kemisitiri. Ndinkafuna udokotala koma sanandisankhe. Chaka chatha azakhali anga anamwalira ndi khansa ya m'mawere, ndipo kuyambira pamenepo mtima wanga uli pa ntchito yopeza mankhwala ochiza khansa. Ndamva za ntchito ya chemical biology. Bambo akuti ndisiye kemisitiri ndikayeserenso udokotala mpaka nditalowa, chifukwa za m'labotale sizidyetsa munthu. Kodi ndingapeze mankhwala a khansa ndisali dokotala? Nanga zitenga zaka zingati?"

Pepa ndi maliro a azakhali, mwana wanga. Makalata ngati yakoyi amabwera chaka ndi chaka, ndipo onse amafanana: wachibale wamwalira, malo a udokotala anasowa, kholo likukankha. Ndiyamba ndi mawu amene sakukoma.

Mankhwala ochiza khansa yonse kulibe, ndipo iwe suwapeza. Khansa si matenda amodzi. Ilipo mitundu yoposa 100, ndipo ngakhale ya m'mawere imene inatenga azakhali ili ndi magulu: ina imakula chifukwa cha mahomoni, ina chifukwa cha puloteni yotchedwa HER2, ina ilibe zonsezi ndipo ndi imene imavuta kwambiri. Mankhwala ogwira pa gulu limodzi sagwira pa lina. Kuchokera pa ganizo loyamba kufika pa mapiritsi a wodwala pamapita zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa mankhwala 10 amene afika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amagwa panjira. Alipo akatswiri abwino amene amapuma pa ntchito osaonako molekyu yawo itafika m'chipatala. Ngati zimenezi zakufooketsa, ndi bwino zikufooketse lero kusiyana ndi m'chaka chachitatu cha PhD.

Tsopano funso lako. Inde, ungathe, ndipo digiri imene bambo akuti uisiyeyo ndiye khomo lenileni.

Dokotala amapereka mankhwala amene alipo kale. Wa chemical biology amakhala kumayambiriro kwenikweni kwa mzerewo. Iye amafunsa kuti ndi puloteni iti imene ikuchititsa maselo a chotupa kugawikana mosalekeza, kenako amapanga kamolekyu kolowa m'kamphako ka puloteniyo n'kuitseka pakamwa. Taona mmene mankhwala a khansa otchedwa imatinib anapezekera. Mu 1960 Peter Nowell ndi David Hungerford ku Philadelphia anaona kromozomu (kachingwe ka m'selo konyamula majini) yaifupi modabwitsa mwa odwala khansa ya m'magazi yotchedwa CML. Mu 1973 Janet Rowley anaonetsa kuti kromozomu 9 ndi 22 zinasinthana zidutswa. Kusinthanako kumabala puloteni yolumikizika, BCR-ABL, imene imangokhala yoyatsidwa osazima. Molekyu yoizimitsa, imatinib uja, inapangidwa ku kampani ya Ciba-Geigy ku Switzerland, imene pambuyo pake inakhala Novartis, ndipo anaiumba ndi Jürg Zimmermann, munthu wa kemisitiri. Dokotala Brian Druker ndiye anaitengera kwa odwala, ndipo inavomerezedwa mu 2001. Werengera wekha: zaka 41, manja ambirimbiri, ndipo dokotala anali ndi gawo lake, wa kemisitiri lake.

Chitsanzo china chili pafupi kwambiri ndi ntchito imene watchulayo. Puloteni ya KRAS imasokonekera m'makhansa ambiri a kapamba, a m'matumbo ndi a m'mapapo, koma kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankati singagwirike chifukwa ilibe mphako yooneka. Mu 2013 gulu la Kevan Shokat ku San Francisco linapezerapo mwayi pa mtundu umodzi wa kusokonekerako, G12C, pamene pa malo a nambala 12 mu mzere wa tizidutswa topanga puloteniyo pamakhala kachidutswa ka cysteine m'malo mwa ka glycine. Cysteine ili ndi salufa, ndipo salufa amamatirira. Anapanga timamolekyu tomamatira pamenepo osachokanso, ndipo potero anatulukira kamphako kamene palibe anali atakaona. Mankhwala omatirira pa G12C, sotorasib wa kampani ya Amgen, anavomerezedwa mu 2021. Shokat anaphunzira organic chemistry. Ganizo limenelo limabwera kwa munthu wodziwa khalidwe la maatomu.

Koma usaganize kuti tsiku lililonse ndi lotulukira zinthu. Masiku ambiri ndi a pipette (kachipangizo kotungira timadontho) ndi mbale zapulasitiki za timaenje 96 kapena 384. Mamolekyu oyesedwa amasungidwa atasungunulidwa mu chosungunulira cha m'labotale chotchedwa DMSO, kawirikawiri pa mlingo wa 10 mM, ndipo pothira m'maselo umaonetsetsa kuti DMSO asapitirire theka la 1 peresenti, apo ayi iyeyo ndiye adwalitse maselo iwe n'kumaombera m'manja molekyu yopanda ntchito. Ukayesa masauzande, angapo amaoneka ngati agwira. Amenewo umawayesanso pa milingo 8 kapena 10, uliwonse wochepa katatu poyerekeza ndi wam'mbuyo, kuti upeze IC50, mlingo umene umadula ntchito ya puloteni ndi theka. Zoyamba zimagwira pa mlingo wotchedwa micromolar. Ntchito ya miyezi, nthawi zina zaka, ndiyo kusintha kachidutswa apa, kuyesa, kusinthanso apo, mpaka ifike pa nanomolar, ndiko kuti yamphamvu kuchulukitsa ka 1,000.

Apa ndi pamene pali luso, chifukwa zambiri mwa zooneka ngati zagwirazo ndi zabodza. Mamolekyu ena akalowa m'madzi amaundana timibulu timene timakwirira puloteni iliyonse. Ukathira kasopo ka m'labotale, Triton X-100 pa 0.01 peresenti, mphamvu yonse ija imatha, ndipo wadziwa kuti unanamizidwa. Ena amawala okha ndipo amasokoneza makina owerenga kuwala. Ena ndi abwinobwino koma m'botolo munatsalira kachitsulo, palladium kapena zinki, kochokera popanga, ndipo kachitsuloko ndiko kakugwira ntchito. N'chifukwa chake lamulo ndi lakuti uipangenso molekyuyo wekha, uiyeretse mpaka makina oyeza kuyera kwake (HPLC) aonetse 95 peresenti kapena kuposa, utsimikize ndi makina oonetsa kapangidwe ndi kulemera kwa molekyu (NMR ndi mass spectrometry) kuti ndi imene ukuiganizirayo, ndiyeno uyesenso. Ngakhale timaenje ta m'mphepete mwa mbale timanamiza, poti madzi amaphwa msanga kumeneko. Palinso gulu la mamolekyu odziwika ndi dzina lakuti PAINS, amene amaoneka ngati akugwira pa mayeso alionse. Curcumin, molekyu ya mu chokometsera zakudya cha turmeric, ndi wotchuka pa khalidwe limeneli, ndipo wadyera anthu ambiri zaka zawo.

Maselo nawo ali ndi zawo. Amakhala pa madigiri 37, mu mpweya wokhala ndi 5 peresenti ya carbon dioxide, ndipo sadziwa Loweruka kapena Lamlungu. Akadzaza mbale umapita kukawagawa. Tizilombo ta mycoplasma timalowa osadetsa madzi, ndiye sungaone ndi maso, koma zotsatira zako za miyezi itatu zapita. Ndipo pali ma labotale amene anafalitsa zotsatira za "maselo a chiwalo chakuti" pamene m'mbale munali HeLa, maselo a khansa ya khomo la chiberekero otengedwa kwa Henrietta Lacks mu 1951, amene amakula mofulumira n'kulanda malo a anzawo.

Ndikhalepo pang'ono pa cholakwa chimodzi chimene chimanditopetsa m'mapulojekiti a chaka chomaliza. Wophunzira amaviika masamba a mtengo mu methanol, amathira madziwo pa maselo a khansa, maselo amafa, iye n'kulemba kuti wapeza mankhwala. Bulitchi nayenso amapha maselo a khansa m'mbale. Sindikunyoza zomera: mwa mankhwala a khansa, vincristine anachokera ku duwa la periwinkle la ku Madagascar, paclitaxel ku khungwa la mtengo wa yew wa kumadzulo kwa North America. Koma kumeneko anthu anapatula molekyu imodzi mwa mazana, anadziwa kapangidwe kake, n'kupeza chimene imagwira m'selo. Funso la chemical biology si lakuti "kodi selo yafa?" ayi. Ndi lakuti "yafa chifukwa cha puloteni imene ndinaloza, kapena chifukwa cha china?" Poyankha umachotsa jini ya puloteniyo ndi CRISPR, njira yodulira majini; ngati maselo opanda puloteniyo akulabadirabe molekyu yako mofanana, ndiye kuti ikugunda pena. Umapanganso mnzake wofanana naye ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, amene salowa m'kamphako kaja. Ameneyo akaphanso maselo, nkhani yako yagwa. Ukadutsa pamenepo pakudikira chiwindi, chimene chingaphwanye molekyuyo m'mphindi zochepa, ndi kanjira ka mu mtima kotchedwa hERG, kamene mankhwala akakatseka mtima umasokonekera kagundidwe. Zonsezi zisanafike ndi pa mbewa pomwe.

Ngati powerenga ndime zimenezi mutu wako wadzuka m'malo mogona, tiye tikambe za njira.

Maliza digiri ya kemisitiri, ndipo mphamvu zako zipite pa organic chemistry: kayendedwe ka ma electron, kupanga molekyu sitepe ndi sitepe, kuwerenga NMR osaonera. Pa maphunziro osankha tenga biochemistry ndi bayoloje ya maselo. Ena angakuuze kuti usamukire ku bayoloje poti khansa ndi nkhani ya m'thupi. Ine ndikuti ayi. Wa kemisitiri amaphunzira kusamala maselo m'miyezi yochepa, koma wa bayoloje kuti adzapange molekyu ya masitepe 8 ndi manja ake zimamutengera zaka, ndipo ambiri safikapo. Usathawe statistics, ndipo phunzira zilankhulo za kompyuta, Python kapena R, chifukwa mbale 50 za timaenje 384 ndi manambala 19,200, ndipo sungawawerenge ndi cholembera.

Pulojekiti ya chaka chomaliza ndiye chuma chako chachikulu. Isankhe kwa mphunzitsi amene amapezeka m'labotale, osati wa dzina lalikulu wosaoneka. Kalata imene adzakulembere iyenera kunena zimene manja ako amatha, ndipo sangalembe zimene sanaone.

Kenako masitazi, chaka chimodzi kapena ziwiri, ndiye PhD: zaka 3 mpaka 4 ku Britain, 5 mpaka 6 ku America, kumene mayunivesite ambiri amalandira munthu wa digiri yoyamba yokha ndipo amamupatsa ndalama zodyera pamene akuphunzira. PhD ya sayansi yodzilipirira wekha usaivomere. Labotale yokufunadi imakupezera thandizo. Posankha yang'ana munthu wokuyang'anira osati chipata cha yunivesite. Werenga mapepala ake awiri kapena atatu, fufuza kumene ophunzira ake akale ali lero, ndipo pomulembera tchula chinthu chimodzi cha mu ntchito yake chimene ukufuna kuchitsatira. Makalata oyamba ndi "kuyambira ndili mwana ndinkafuna kuthandiza anthu" amafufutidwa asanafike pa mzere wachitatu. Ambiri akamaliza amagwiranso zaka 2 mpaka 4 ngati postdoc (wofufuza amene wangomaliza PhD) pa kontirakiti. Ukaphatikiza, kuchokera pamene ulipa ndi zaka 10 kapena kuposerapo usanatsogolere pulojekiti yakoyako.

Ntchito zili m'makampani a mankhwala, m'timakampani tating'ono ta biotech, m'mayunivesite, ndi m'malo ofufuzira monga Institute of Cancer Research ku London, kumene kunachokera abiraterone wa khansa ya prostate. Malo amenewa anaunjikana m'mizinda yowerengeka ya padziko, ndiye konzekera kusamuka. Ndiponso kampani ikatseka pulojekiti, anthu amachotsedwa ngakhale anagwira bwino. Ubwino wake ndi wakuti luso silitayika: woyesa ubwino wa mankhwala m'fakitale, wogwira ku bungwe lovomereza mankhwala, woyendetsa kafukufuku wa pa odwala, wa za ma patent, onsewa amachokera m'njira yomweyi, ndipo zina mwa ntchitozi zimayamba ndi digiri yoyamba kapena masitazi.

Inu bambo, kalatayi mwana wanu akuonetsani, ndiye ndilankhule nanu. Nkhawa yanu ya malipiro si yopanda pake, ndipo zaka zoyambazo ndi zowonda ndithu. Koma mukufuna ataye zaka ziwiri zimene wakhoza kale kuti akaime pa mzere umene unamukana, popanda chitsimikizo kuti ulendo uno umulandira. Mapanga awiri avumbwitsa. Udokotala umene mukuufunawo ndi wa iye kapena ndi woti muzikatchula pakati pa anzanu? Mufunseni funso limodzi lokha: kodi akufuna kukhala pambali pa bedi la wodwala, kumugwira dzanja ndi kumuuza zotsatira, kapena akufuna kudziwa chifukwa chimene mankhwala a azakhali ake analekera kugwira? Akayankha loyamba, muli ndi mfundo, ayesenso. Akayankha lachiwiri, musiyeni.

Nawenso mwana wanga sindikusiya osakudzudzula. Walemba kuti "ndamva za" chemical biology. Kumva sikokwanira kwa munthu wa chaka chachiwiri. Sunatchule magiredi ako, sunatchule ngati unapemphapo malo m'labotale ya aliyense, ndipo ndikukayika ngati unatsegulapo pepala la kafukufuku n'limodzi lomwe. Chisoni chimamufikitsa munthu pa khomo la labotale, koma sichimuthandiza pamene column (chubu choyeretsera mamolekyu) yachisanu yalephera kulekanitsa zinthu ndipo kunja kwada. Komabe unafunsa za zaka, osati za ulemu kapena galimoto, ndipo ambiri olemba kuno safunsa zimenezo. Mwina muli kanthu mwa iwe.

Temu ino isanathe, pita kwa mphunzitsi wa organic chemistry ukapemphe kuthandiza m'labotale yake pa tchuthi, ngakhale kutsuka mabotolo ndi kuyendetsa TLC (mayeso osavuta oonera zimene zili mu msakanizo) popanda malipiro. Funa pepala la gulu la Shokat la 2013 m'magazini ya Nature, uliwerenge katatu, ulembe mawu onse amene sukuwamva n'kukawafunsa. Ukatha masabata 6 m'labotalemo undilemberenso, ndipo ulendo uno uikemo magiredi ako a organic chemistry.