Tachepetsa bulowa, nanga nitrous oxide yachuluka bwanji?

Funso: Ndimagwira ntchito pamalo oyeretsera madzi a suweji pafakitale ina. Thanki yathu ndi ya MBBR, ija mumayandama timapulasitiki tambirimbiri. Tinachepetsa bulowa, makina opopera mpweya m'thanki, kuti tisunge magetsi, ndiye odzayeza akuti tsopano tikutulutsa nitrous oxide wambiri, mpweya wotenthetsa dziko. Chikhalirecho madzi akuoneka oyera. Vuto lili pati?

Yankho: Achimwene, maso asakunamizeni. Nitrous oxide alibe mtundu, ndipo madzi angaoneke oyera mbee thanki ikumufuka. Musanakhudze batani lililonse, yezani nitrite, amene mabakiteriya amapanga kuchokera ku amoniya.

Nkhani yonse ili pa biofilm, zoterera zija zomata pa timapulasitiki. Muli mabakiteriya ogona mosanjikizana. Apamwamba, monga Nitrosomonas, amafuna okosijeni kuti asandutse amoniya kukhala nitrite. Amkati, komwe okosijeni safika, amatenga nitrite ndi nitrate n'kuzisandutsa mpweya wa nayitrojeni, wosavulaza kanthu. Mutachepetsa bulowa, apamwamba aja anayamba kubanika. Akabanika amagwira nitrite m'malo mwa okosijeni, n'kulavula nitrous oxide. Mabakiteriya ena apamwamba, amene amasandutsa nitrite kukhala nitrate, ndiwo amafooka msanga kuposa anzawo, choncho nitrite amaunjikana, vuto n'kumakulirakulira.

Mwina munatsatira mlingo wa okosijeni wa m'mabuku, wa 2 mg/L (mamiligalamu awiri pa lita imodzi ya madzi). Umenewo ndi wa activated sludge, njira imene mabakiteriya amangoyandama m'madzi popanda timapulasitiki. Mu MBBR okosijeni amayenera kuboola zoterera zija kuti afikire mabakiteriya odya amoniya, ndiye kuti amoniya athe bwino nthawi zambiri pamafunika woposa pamenepo. Kwezani bulowa pang'onopang'ono, mukuyeza nitrite ndi amoniya tsiku ndi tsiku, mpaka nitrite atsike. Tsukaninso sensa ya okosijeni. Nayonso imamera biofilm n'kumakuuzani zabodza. Zimenezi ndaziona kangapo, munthu akulimbana ndi bulowa pamene wolakwa ndi sensa.

Koma musatsegule mpaka kumapeto ayi. Thovu lambiri limakokolola nitrous oxide wosungunuka m'madzi mabakiteriya amkati asanamudye. Komanso madzi obwezeredwa ku thanki yopanda mphepo, komwe nitrate amasandutsidwa nayitrojeni, amapita ndi okosijeni, ndipo enzyme ya mabakiteriya yosandutsa nitrous oxide kukhala nayitrojeni, yotchedwa nitrous oxide reductase, siipirira okosijeni n'komwe. Kumeneko chakudya cha mabakiteriya chikaperewera, ntchito imaimiranso pa nitrous oxide. Ena amathirako methanol kapena acetate.

China chimene ambiri amachiphonya ndi madzi ofinyidwa ku sludge, matope otsala poyeretsa madzi. Amakhala ndi amoniya wadzaoneni. Osawakhuthula nthawi imodzi. Muziwalowetsa pang'onopang'ono, makamaka nthawi imene fakitale sikutulutsa zambiri.

Abwana akakufunsani za bilu ya magetsi, auzeni kuti malinga ndi lipoti la 2021 la IPCC, bungwe la United Nations lofufuza za kusintha kwa nyengo, kilogalamu imodzi ya nitrous oxide imatenthetsa dziko ngati makilogalamu 273 a carbon dioxide pa zaka 100. Ngati alidi ofuna kusunga magetsi, agule sensa ya amoniya yoti iziyendetsa bulowa malinga ndi katundu amene walowa m'thanki.